Nyumba ya mdindo yomwe inkadyeka kunsi: lipoti la ntchito yokonza nyumba yakale m'mudzi wina ku Kasungu

Chizindikiro choyamba chinali mng'alu pa ngodya ya kumbuyo, woyambira pansi pa zenera n'kutsetsereka chopingasa mpaka pansi. Eni ake anauona mu Febuluwale mvula ili pakati, koma sanautenge ngati kanthu poti nyumba zadothi zimang'aluka. Pofika nthawi yokolola, chala chinkalowa mu mng'aluwo, chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutsekeka, ndipo pulasitala wa simenti wa m'munsi mwa khoma anafufuma. Apa m'pamene mdzukulu wina wa pabanjapo, mphunzitsi wa kupulayimale, anatifunafuna. Pempho lake silinali lozungulira: tikaone ngati nyumbayo ingakhale, ndipo ngati singakhale tikawauze akuluakulu aigwetse isanapsinje munthu.

Ndalemba lipotili kaamba ka anzanga amisiri ndi oyang'anira zomangamanga amene amaitanidwa ku nyumba zakale zadothi. Mayina a anthu ndi a mudzi ndawasiya.

Nyumbayo ndi mbiri yake

Mudziwu uli kum'mawa kwa boma la Kasungu, pa kamtunda koyang'ana dambo. Nyumbayi anamanga ndi bambo wina amene anakagwira ntchito ku Halale, nabwerako kudzalowa ufumu wa atsibweni ake. Akuluakulu amati inamangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ndiye kuti 1939 isanafike, ndipo zomwe tinaona sizikutsutsa: chitseko cha mlombwa chosemedwa ndi kasemasema, mahinjesi osulidwa pamanja, mafelemu a mazenera olumikizidwa popanda msomali.

Nyumba ya m'mudzi ya zaka zotere ndi yosowa, ndipo pali zifukwa zake. Kale Achewa sankamanga nyumba yoti idzakhale mwini wake atapita. Munthu akamwalira, nyumba yake nthawi zambiri ankaigwetsa pa mwambo wa maliro, ndipo midzi inkasamuka nthaka ikaguga. M'masiku a nkhondo za Angoni anthu a kuno ankakhala mothinana m'malinga, m'nyumba zozungulira zamitengo zomatidwa ndi dothi. Azungu atagonjetsa mfumu Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895 n'kumanga linga lawo la Fort Alston, amishoni a Livingstonia n'kukhazikika, anthu anayamba kumwazikana, ndipo nyumba za ngodya zinayi zinalowa m'midzi kudzera mwa aphunzitsi a mishoni ndi amuna obwerera kuchokera ku Halale ndi ku Joni. Nyumba yathuyi ili pa mphambano ya zinthu ziwirizi. Ngodya, zipinda ndi mazenera ndi zobwera, koma denga lotsetsereka mbali zonse zinayi ndi khonde lozungulira nyumba yonse anazitenga ku nyumba za makolo.

Mwini wake atamwalira, mlongo wake anakaniza kuigwetsa ponena kuti milandu ya mudzi inkaweruzidwa pakhonde pake, ndipo analowamo yekha. Kuyambira pamenepo pamudzipo pali lamulo losalembedwa loti palibe wogumula nyumbayo mbumba isanalole. Chitetezo chake n'chimenecho. Si nyumba yolengezedwa ndi boma pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, limene limaletsa kugumula kapena kusintha malo otetezedwa popanda chilolezo. Komabe tinagwirizana kuti tiigwire ngati yolengezedwa: kujambula ndi kuyeza chilichonse tisanakhudze, kusunga chakale chilichonse chosungika, ndi kudziwitsa a dipatimenti ya boma yosamalira zinthu zakale, Department of Museums and Monuments, zomwe tikufuna kuchita.

Kamangidwe kake nkotere. Ndi ya mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, zipinda zitatu. Makoma ndi a mdindo, kutanthauza dothi lodindidwa m'chikombole, ochindikala masentimita 35, ndipo mizere ya chikombole ikuonekabe m'kati, uliwonse wotalikirana ndi unzake pafupifupi masentimita 40. Maziko a miyala palibe. Khoma limayambira m'kangalande kosaya, koma nyumba yonse inakhala pa guwa la dothi lodindidwa lofika m'bondo. Khonde linali la mita imodzi ndi theka, lokhala pa nsanamira za muwanga. Chomwe amisiri ambiri sachiona msanga n'chakuti nsanamirazo sizinali zokongoletsa. Mapaso ankadutsa pamwamba pa khoma n'kukatsamira pa mitanda ya pansanamira, choncho gawo lalikulu la kulemera kwa denga linkatsikira pansi kudzera m'mitengo, osati m'dothi. Ndipo madzi a padenga ankagwera kutali ndi khoma, kunja kwa guwa.

Zomwe tinapeza

Zaka khumi ndi zisanu ife tisanafike, ana a pabanjapo ogwira ntchito m'tauni anasonkha ndalama kuti agogo awo asamavutike ndi udzu. Anachita ndi mtima wabwino. Anafolera malata pamwamba pa mtanda ndi mapaso akale, koma poti malata ndi odula, khonde analisiya kutsogolo kokha. Kumbuyo ndi m'mbali anadula mapaso, nazula nsanamira, denga n'kungopitirira khoma ndi masentimita 20. Kenaka anapaka pulasitala wa simenti kunja kuyambira pansi kufika m'chiuno, anathira simenti pansi m'zipinda zonse, ndi kakhonde kakang'ono ka simenti kuzungulira kumbuyo. Kuchokera nthawi imeneyo palibe anazira nyumbayo, ndipo moto sunasonkhedwenso m'katimo.

Tinafika mu Ogasiti, miyezi itatu mvula italeka. Tikagogoda pulasitala wa kumbuyo ndi mpini wa hamala, ankalira ngati mulibe kanthu kuseri kwake. Tinaboola kazenera kofanana ndi chikhatho pamalo anayi. Paliponse dothi linali lachinyezi moti ukalifumbata linkagwirana n'kusiya zala, ndipo m'mphepete mwake munali nyenyeswa zoyera za mchere. Pansi pa mng'alu uja, gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa khoma linali litasanduka fumbi lonyowa lodzaza njira za chiswe. Ngodyayo inali itapendekera kunja ndi masentimita 6, titayeza ndi chingwe chomangirira mwala.

Kutsogolo, komwe khonde linatsala, khoma lomwelo la dothi lomwelo ndi zaka zomwezo linali louma, lolimba moti msomali wa mainchesi anayi unapindika tikuukhoma.

Abale onse ankati vuto ndi chiswe ndi ukalamba. Khoma la kutsogolo linatsutsa zimenezo, chifukwa ukalamba sungasankhe mbali imodzi ya nyumba. Chomwe chinkachitika ndi ichi: madzi a pamalata ankagwa mwamphamvu pa kakhonde ka simenti n'kuthovukira kukhoma. Simenti ndi dothi sizifutukuka kapena kukhwinyata mofanana, ndiye pamwamba pa pulasitala panatseguka kampata, madzi n'kumalowera kuseri. Chinyezi cha m'nthaka nachonso chimakwera m'khoma ladothi nthawi zonse, koma kale chinkauma ndi mphepo kudzera pansi pozira ndi pakhoma lopanda chotchinga. Simenti itatseka pansi m'kati ndi khoma kunja, chinyezi chinasowa potulukira, n'kumaunjikana m'tsinde mwa khoma. Chiswe chinangotsatira chinyezicho. Chinanso tinachipeza titazungulira kumtunda: nyumba yatsopano ya njerwa yomangidwa chapamwamba inkatayira madzi ake m'kanjira kotsetsereka, kanjirako n'kusanduka ngalande yolunjika pa ngodya yomweyo.

Pa mng'alu tinamatapo tizidutswa ta galasi mopingasa pamalo atatu, n'kulemba tsiku pambali, kuti tidziwe ngati khoma likuyendabe. Kamodzi ka pamwamba kanasweka mwezi usanathe.

Wolamula ndani

Mdzukulu wotiitana uja analibe mphamvu pa nyumbayo. Amfumu nawonso anati, "Ine ndi wa bwalo, nyumbayi ndi ya mbumba. Kaonaneni ndi amayi." Choncho msonkhano unachitikira pakhonde pomwepo, agogo aakazi okhala m'nyumbamo ali pamphasa ndi ana awo aakazi, atsibweni a ana ali pampando.

Atsibweni anali ndi maganizo awiri: kukuta nyumba yonse ndi khoma la njerwa zootcha, kapena kuigwetsa n'kumanga ina yofanana nayo ya njerwa ndi simenti. Sanali kulankhula zopanda nzeru. Iwo ndi amene amafunsidwa ndalama chinthu chikawonongeka, ndipo nyumba ikanagwera munthu mlandu ukanakhala wawo. Ine ndinakana zonse ziwiri. Khoma la njerwa likanabisa vuto lomwelo kuseri kwa chotchinga chokulirapo, ndipo nyumba yomangidwanso ndi nyumba yatsopano basi, ngakhale ifanane bwanji ndi yakale.

Kufotokoza ndi pakamwa sikunasinthe munthu. Zinthu zinatembenuka titawatengera onse kumbuyo, n'kupempha atsibweni kuti agumule okha chidutswa cha pulasitala. Chinasomphoka chonse ndi dzanja limodzi, dothi lonyowa n'kukhuthukira pa nsapato zawo. Agogo anapisa dzanja m'bowomo, nanunkhiza dothilo, n'kunena kuti, "Ana inu, nyumbayi munaiveka gambuti. Phazi likakhala m'gambuti chaka chonse limatani?" Atsibweni anangoti, "Tamva, mayi." Kwa anzanga a ntchito: pa nyumba ya banja, umboni woti eni ake augwire ndi manja awo umaposa chojambula chilichonse chomwe mungabwere nacho.

Nkhani ya denga

Apa mpomwe panali mkangano weniweni, ndipo chomwe tinasankha ena sadzagwirizana nacho. Nyumbayi inamangidwa kuti ikhale ya udzu. Kutsetsereka kwa denga lake, pafupifupi madigiri 45, n'kwa udzu. Udzu umatsitsa madzi pang'onopang'ono, suchita thukuta usiku wozizira wa Juni monga malata, ndipo m'nyumba mumazizira bwino m'chilimwe. Ndikanakhala ndikukonza nyumba yoonetsa alendo, yokhala ndi woisamalira wolipidwa, ndikanabwezeretsa udzu osaganiza kawiri.

Koma ndinafunsa funso limodzi: adzimweta udzu ndani chaka ndi chaka? Panalibe anayankha. Madambo ambiri apafupi analimidwa, udzu wotsala umapsa ndi moto wa osaka mbewa usanakhwime bwino, ndipo anyamata odziwa kufolera mochindikala atsala owerengeka. Ambiri masiku ano amayala pepala lakuda la pulasitiki n'kumwaza kaudzu pamwamba. Denga la udzu losasamalidwa limadontha pamwamba penipeni pa khoma, ndipo khoma la mdindo lonyowa kuchokera pamwamba silitha mvula ziwiri. Ana aakazi ananenanso poyera kuti safuna mayi awo abwerere m'nyumba ya udzu anthu aziti ana awo anawataya. Limenelo ndi dandaulo loona, si lonyoza.

Tinasunga malata, koma tinabwezeretsa khonde mbali zonse pa muyeso wake wakale, lokhala pa nsanamira monga kale. Mabowo a nsanamira zozulidwa tinawapeza titapala dothi la paguwa, ali ndi dothi lakuda losiyana ndi lina, ndiye sitinachite kulota pomwe zinali. Mtanda ndi mapaso akale, akuda bii ndi mwaye wa zaka zambiri, tinawasiya m'malo mwake. Utsi umenewo ndi womwe unawateteza ku tizilombo tofumbula mitengo, ndipo ena akadali ndi luzi lake loyamba. Mapaso odulidwa tinawalumikiza ndi mitengo yatsopano. Kunsi kwa malata tinayala mphasa za bango kuti zichepetse kutentha ndi madontho a m'mawa. Kutsetsereka kwa denga sitinakusinthe, kotero tsiku lina banja likadzafuna udzu, n'kungozula malata.

Mitengo inativuta. Muwanga wa msinkhu wa nsanamira sukupezekanso chisawawa m'dera lino, pomwe mabani ndi zigafa za fodya zadya nkhalango kwa zaka zambiri, ndipo za kudula mu Kasungu National Park kapena m'nkhalango yotetezedwa ya Chimaliro sitinafune ngakhale kuzimva. Mwamwayi nsanamira zakale zisanu zinapezeka zitamangidwa khola la mbuzi, zili zolimba ndithu, ndipo zinabwerera m'malo mwake. Zotsalazo ndi za bulugamu wothiridwa mankhwala, zokhazikidwa pa miyala kuti zisakhudze dothi. Sitinazidetse kuti zifanane ndi zakale. Wobwera m'tsogolo azitha kusiyanitsa.

Kukonza makoma

Ndondomeko ya ntchito inali yofunika kuposa luso la manja. Tinayamba ndi madzi: kukhotetsa kanjira ka kumtunda, kukumba ngalande yosaya yodutsa mamita atatu kuchokera kunyumba, ndi kuswa kakhonde ka simenti. Kenaka tinachirikiza denga ndi mitengo m'kati ndi kunja kuti khoma lodwalalo lipumule. Agogo anasamukira kwa mwana wawo kwa nthawi yonse ya ntchito.

Pulasitala wa simenti sitinamuchotse tsiku limodzi. Pa khoma lodyeka kunsi chotere, pulasitala yemwe anawononga khomayo amakhala wayamba kunyamulako katundu, ndipo ukamusomphola yense nthawi imodzi khoma limakhala pansi. Tinkachotsa chigawo chosakwana mita, kudumpha ziwiri, kuchotsa china, n'kusiya kuti mphepo ya Seputembala iumitse. Chigawo chikauma tinkapala dothi lofumbwa mpaka kufika polimba, n'kusema bowolo kuti likhale la ngodya zabwino ndi pansi pathyathyathya.

Dothi lokonzera linachokera pa nkhuti yomwe omanga oyamba anakumbapo. Agogo anatilozera, pamene pano pali nthochi. Ndi katondo wosakanikirana ndi mchenga ndi timiyala. Tinaliyesa m'botolo la madzi kuti tione kuchuluka kwa mchenga ndi dongo, tinaumba zidina zoyeserera n'kuziumitsa, ndipo sizinang'aluke. Ena anati tiwonjezere dothi la pachulu kapena kasimenti pang'ono kuti chigamba chilimbe. Ndinakana, chifukwa chigamba cholimba kuposa khoma chimasiyana nalo, mng'alu n'kubadwa m'malire mwake.

Mabowo tinawatseka ndi zidina zouma bwino, osati matope. Matope akauma amakhwinyata n'kusiya mpata pamwamba, khoma n'kukhalabe lolenjekeka. Chidina chinakhwinyata kale padzuwa. Tinkanyowetsa pang'ono dothi lakale, kuyala zidina ndi matope ochepa kwambiri pakati, mzere womaliza n'kuukhomerera mothina. Mng'alu tinausoka: kusema timipata topingasa todutsa mng'aluwo, kamodzi pa mzere uliwonse wa chikombole, mbali ya kunja ndi ya m'kati mosinthana, n'kulowetsamo zidina.

Ngodya yopendekera ija sinapulumuke. Itauma inapitiriza kusuntha, ndipo tinaigumula pafupifupi mita imodzi mbali iliyonse n'kuidindanso. Ntchitoyi anagwira ndi mkulu wina wa mudzi woyandikana amene wakhala akudinda nyumba kuyambira unyamata wake. Iye sathira madzi ambiri. Amafumbata dothi, kuliponya pansi kuchokera m'chifuwa, ndipo likasweka m'zidutswa zingapo amati lakwana. Likangophwatalala ndiye kuti lanyowetsa, likamwazika ngati ufa ndiye kuti lauma. Amathira m'chikombole dothi losapitirira chikhatho choimika, n'kudinda ndi mtengo wonga munsi kuyambira m'mbali kulowera pakati, mpaka kulira kwake kutasintha kuchoka pa di di wofewa kufika pa kulira kouma. Anyamata athu ankafuna kuthira lambiri kuti zithe msanga. "Mwanawe," anatero, "la pansilo silimva munsi." Khoma lakale analisema ngati masitepe kuti latsopano ligwirane nalo.

Za chiswe tinachita zochepa: kuchotsa njira zake, kuthira mankhwala m'mabowo a nsanamira, ndi kuchotsa nkhuni ndi mapesi zomwe zinkaunjikidwa kukhoma. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ambiri amakonda kupaka m'tsinde mwa khoma, tinamuletsa.

Pansi pa simenti m'kati tinagawana pakati. Chipinda cha kumbuyo, chomwe chinali chonyowa koposa, tinaswa simenti yonse n'kudinda dothi. M'zipinda zina banja linafuna simenti ikhale, ndiye tinangodula mzere wa masentimita 30 m'mbali mwa makoma n'kudzazamo dothi, kuti chinyezi chipeze potulukira chisanafike kukhoma. Kumata kunja ndi kuzira anachita amayi, ndi mtsiro wa kudambo, n'kukulungiza ndi nkhulungo. Iyi si ntchito yomalizitsira chabe ayi. Dothi lomatalo ndi lomwe limayenera kukokoloka ndi mvula m'malo mwa khoma, ndipo wozira chaka ndi chaka ndi amene amayamba kuona kanjira ka chiswe kapena kamng'alu katsopano. Zaka khumi ndi zisanu za simenti zinachotsa maso amenewo panyumbapo. Zonse zinatha mvula yoyamba ya Novembala isanagwe.

Zotsatira

Mvula ya nyengo yoyamba inatiyesa mu Januwale. Ngalande inadzaza mchenga wochokera m'kanjira kaja, madzi anasefukira mpaka paguwa, ndipo dothi lomata linakokoloka pamalo ena kumbuyo. Khoma lenileni silinanyowe, poti guwa ndi khonde zinagwira ntchito yake. Ngalandeyo anaikulitsa, m'mphepete mwake n'kubzala udzu wa vetiva, ndipo mnyamata wina wa pabanjapo anapatsidwa udindo woifukula mvula yamphamvu ikagwa.

Tsopano papita nyengo ziwiri za mvula. Magalasi atsopano omwe tinamata pa mng'alu wosokedwa ali osasweka, chitseko chikutsekeka, ndipo tsinde la khoma la kumbuyo ndi louma ngakhale mu Malichi. Pamalire a ngodya yatsopano ndi khoma lakale pali kamng'alu kopyapyala kosayenda, komwe amakatseka pozira. Khoma logawa zipinda lili ndi mng'alu wake wakale womwe tinausiya dala poti sukukula. M'zipinda zomwe simenti inatsala, mzere wa dothi uja umada ndi chinyezi m'dzinja, ndipo ndikuganizabe kuti simenti yotsalayo idzafunika kuchoka.

Zojambula, miyeso ndi zithunzi za ntchito yonse zili ndi banja, ndipo zina tinatumiza ku dipatimenti ija. Za kupempha kuti nyumbayi ilengezedwe ndi boma, mbumba sinagwirizane. Atsibweni akuti zingathandize kupeza thandizo, pomwe ana aakazi akuopa kuti azidzapempha chilolezo pokonza nyumba ya mayi awo omwe. Agogo anabwereramo, ndipo akugona ndi mdzukulu wawo wamkazi wa kusekondale. Chaka chino anazira ndi amayi awiri achikulire okha. Mtsikanayo anathandiza kutunga madzi ndi kusenza mtsiro, koma nkhulungo sanaigwire, ndipo nkhani ya amene adzazire chaka chamawa yaikidwa pa msonkhano wa banja wa pambuyo pokolola.